Mapazi a pakhomo pa Amelia

Mlongo wanga Laxon amayenda chowerama. Mukakumana naye pamsewu wa pulazi lathu, munda waukulu wa fodya kuno ku Glendale kumpoto kwa Harare, mungaganize kuti ndi munthu waulemu kwambiri, kapena kuti wagwetsa singano. Ayi ndithu, amakhala akuwerenga pansi. Iye ndi mlonda wa minda, ndipo ntchito yake ndi mapazi: wakuba chimanga walowera pati, wozula mapaipi othirira watulukira pati, wilibala yonyamula feteleza yakathera khomo liti. Foromani amamutama kuti fumbi limalankhula naye. Ine Tionenji, amene ndinamulera, ndimati fumbi lomwelo ndi limene linamuzunguza mutu.

Agogo athu anachoka ku Dedza wapansi kudzalima fodya wa azungu, ndipo sanabwererenso. Ife tinabadwira mukomboni momwe muno, m'nyumba za njerwa zondandana, mpopi umodzi pakati. Munthu ukayetsemula kumapeto kuno, wa kumapeto uko amadziwa kuti wadwala chimfine. Pamalo otere nsanje siyenera kukhala ndi ntchito, chifukwa palibe chobisika. Koma Laxon anaipezera ntchito.

Mkazi wake woyamba anali Charmaine, mtsikana wofatsa wa ku Wedza. Laxon akamapita kuntchito m'mawa ankatenga tsache n'kusesa pakhomo ponse, akuyenda chambuyo kuti mapazi ake asatsale. Madzulo, asanapereke ndi moni womwe, ankazungulira bwalolo manja ali kumbuyo, kuona amene wapondapo. Tsono tamvani uchitsiru wake. Pulazi limapereka majombo a mtundu umodzi kwa aliyense: wothirira, woyendetsa thirakitala, wosankha fodya, ngakhale ife akazi. Mapazi a komboni yonse ndi ofanana. Iye ati amasiyanitsa poona mmene chidendene chadyekera. Chabwino, wasiyanitsa. Nanga chidendene chimanena kuti munthu anadzabwereka mchere? Charmaine anapirira mpaka anaonda, kenako tsiku lina anamanga katundu wake n'kukwera kombi ya kwawo.

Amelia anabwera nyengo yosankha fodya, kuchokera pa pulazi lina la mbali ya ku Chinhoyi. Makolo ake ndi a ku Tete, ndipo mwamuna wake anali atamwalira kale. Ndi mkazi wa manja achangu: tsamba akangolikhudza amadziwa kuti ndi la mulu uti. Amaimba kwaya kutchalitchi, ndipo amaseka ndi aliyense, mutu n'kuuponya kumbuyo. Tsiku limene ndinamva kuseka kumeneko m'shedi yosankhira fodya n'kuona mlongo wanga ataimirira pakhomo, kwa nthawi yoyamba asakuyang'ana pansi, ndinati mumtima, mayo ine, tayambanso.

Chibwenzi chinayamba bwinobwino. Ankamuperekeza kokwerera kombi, ankamutengera mapapaya, mpaka anayamba kupita kutchalitchi munthu amene ankangolowamo pamaliro. Kenako Amelia anayamba kupeza pakhomo pake posesa m'mawa uliwonse. Iye anaona ngati ndi chikondi. Akazi a mukomboni anapsa mtima ndi amuna awo, ati taonani Laxon, mwamuna weniweni, akusesera mkazi asanamukwatire n'komwe, inu ngakhale kapu simuichotsa pamene mwamwera. Amelia ankayenda ngati nkhanga yatsopano m'khola la nkhuku.

Ine ndinamuitana mlongo wangayo n'kumuuza mosapita m'mbali kuti akumbanso dzenje lomwe lija. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinatchula dzina la malemu bambo athu. Tsache lake ndinaliponya pamoto iye akuona. Anangoti, "Ndamva, asisi." M'mawa mwake anathyola nthambi za mtengo n'kukasesa.

Zinaululika chifukwa cha a Nobert, mdala woyang'anira pampu, amene amayenda chokoka mwendo. Akazi awo anawatuma kukasiya chibwabwa kwa Amelia. Madzulo Laxon anawerenga bwalo, n'kulondola mwendo wokokawo mpaka pampopi, n'kuwagwira a Nobert pakhosi pa malaya anthu onse akuona. Mdala wa zidzukulu! Anthu anawalanditsa, ndipo nkhani inafika kwa Amelia madzi asanadzaze ndi ndowa yomwe. Anabwera akupukuta manja pachitenje. Sanakweze mawu.

"Ndiye tsache lija linali la zimenezi, a Laxon? Ine ndimati mumandikonda. Pamene mumandilonda ngati munda wa chimanga."

Anamuuza kuti asapondenso pakhomo pake. Laxon anasiya kudya. Ankabwera kwanga n'kukhala pakhonde, sadza, nsima ya kuno, n'kuzizira m'mbale. Ndinamumvera chisoni, inde, koma ndinamuuzanso kuti wadzichita yekha.

Patapita nthawi Amelia anabwera kwanga, Laxon ali pomwepo, ndi nambala ya foni imene nesi wa kukiliniki anamupatsa. Ati kuli anthu ophunzira za maganizo amene amapereka uphungu pafoni, mumaonana nkhope pagalasi, iwo ali ku Harare, iwe uli kwanu. Anati iye sangakwatiwe ndi tsache. Ngati Laxon akumufunadi, ayambe walankhula ndi anthu amenewo, ndipo iye adzaona ngati pali kusintha. Apo ayi, aliyense ayende yake. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Munthu amene sanamvere ine, amene ndinamusambitsa, akamvera foni?

Abale, anamvera.

Netiweki kuno imagwira bwino pakaphiri pamene pali thanki la madzi. Lamlungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi, Laxon ankakwera pamenepo ndi foni yake yong'aluka galasi. Ankasita malaya. Kusitira foni! Mlangizi wake anali mayi wina, dzina lake Netsai, koma ine ndinkangomutchula kuti mayi wa pafoni, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Ndinamuonapo nkhope kamodzi: wamagalasi, watsitsi lalifupi, kumbuyo kwake kuli khoma loyera ndi duwa la m'chitini. Wamng'ono kwa ine ndithu. Chichewa sachidziwa, ankalankhulana m'Chishona. Fodya sanamugwirepo. Majombo kaya anawavalapo.

Laxon akatsika pakaphiripo maso ankakhala ofiira. Ndikamufunsa kuti mwakambirana chiyani, ati ndi zachinsinsi. Zachinsinsi kwa ine? Ine amene ndikudziwa chipsera chilichonse cha pathupi pake? Kenako anayamba kumati, "Mai Netsai akuti," pa chilichonse. Mai Netsai akuti nsanje si tchimo, nkhani ndi zimene umachita nayo. Mai Netsai akuti munthu si munda. Ndinamuuza kuti zimenezo ine ndinanena kalekale, ndipo ndinanena m'chilankhulo cha amayi ake, popanda kugula bandulo. Iye anangomwetulira. Kumwetulira kumeneko kunandinyansa kuposa mwano.

Lamlungu lina ndinapita kukatola nkhuni kuseri kwa thanki. Nkhuni kunyumba zinalipo, musandifunse zambiri. Ndinamumva akusimba nkhani imene ine ndi iye sitinaikambepo chichitikireni.

Chaka chimene pulazi linasintha eni ake, ntchito inasowa, anthu anabalalika, ndipo amayi athu anathawa ndi bambo wina woyendetsa thirakitala. Anachoka m'bandakucha ife tili m'tulo. Laxon anali kamwana kongoyamba kumene sukulu. Atadzuka anaona mapazi a amayi pakhomo, n'kuwalondola mpaka pamene anakwerera, n'kulondola matayala a thirakitala kudutsa minda yonse, opanda nsapato, mpaka pamsewu wa tala. Pamenepo mapazi anathera. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Mayi wa pafoni sanamuuze chilichonse chanzeru. Anangomufunsa kuti ankaganiza chiyani atakhala pamenepo. Mlongo wanga, mwamuna amene mbava za chimanga zimathawa zikangomva kutsokomola kwake, anayankha ndi mawu a kamwana.

"Ndinkaganiza kuti ndikanadzuka msanga, ndikanawapeza asanakwere."

Ndinaima ndi nkhuni m'manja. Amene anamupeza pamsewu paja dzuwa litapendeka ndi ine. Amene anamubereka kumsana mtunda wonsewo, ndili mtsikana wosatha msinkhu, ndi ine. Ndinamuviika mapazi m'madzi amchere, ndinamuchotsa minga ndi pini. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuphikira, kumuchapira, kumukalipira, ndipo mawu amenewa sanandiuzepo. Anakawauza mlendo wamagalasi amene wakhala pampando wofewa ku Harare. Zinandiwawa, ndipo sindibisa, inali nsanje. Ndinataya nkhunizo n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale, mwaphokoso kuti komboni yonse imve.

Kusintha kunabwera, koma mokhotakhota. Anapita yekha kukapepesa kwa a Nobert, atanyamula nkhuku. Mayi wa pafoni anamuuza kuti nsanje ikamakwera asathamangire pansi kukafunsa fumbi, koma aime, apume pang'onopang'ono, kenako akafunse mwini wake ndi pakamwa, n'kunena chimene akuopa. Laxon anayesa kumayenda akuyang'ana kumwamba kuti asamawerenge mapazi, mpaka tsiku lina anagwera mu ngalande yothirira, anyamata a m'munda n'kuseka mpaka kugona pansi. Tsiku linanso anapezeka akuyeza phazi la jombo ndi kaudzu pafupi ndi nyumba ya Amelia. Palibe anamuona, koma anakadziulula yekha kwa Amelia, ndipo Amelia anamutsekera chitseko sabata yonse.

Pambuyo pake anayamba kukwera kaphiri kaja awiri. Ankakhala pamwala umodzi, chingwe cha m'makutu atagawana, wina khutu ili wina ilo, mitu itagundana, akuyankha mafunso a mayi uja. Amelia nayenso anali ndi zake: ati kuseka ndi anthu sasiya, foni yake sipereka kuti iunikidwe, ndipo kwaya ikapita ku Mvurwi adzapita. Laxon anavomera, akumeza malovu ngati wamwa mankhwala a malungo. Ine ndinkawaonera patali. Pachikhalidwe chathu nkhani za anthu ofuna kukwatirana zimabwera kwa abale. Izi zinkapita kuthanki.

Kenako mvula yoyamba inagwa. Inagwa usiku wonse n'kukata m'mawa, ndipo komboni yonse inasanduka matope osalala. Panalibe chifukwa cha tsache, mvula inali itasesa yokha. Ndikumanga duku kuti ndizipita kumunda, Laxon analowa osaodira, atavala kale yunifolomu, milomo ili mbuu.

Anati podutsa kwa Amelia waona mapazi a mwamuna. Si majombo ayi. Nsapato za m'tauni, zosongoka kutsogolo, chidendene chatsopano. Zaponda mvula itakata. Zalowa, sizinatuluke. Ndipo pafupi ndi sitolo ya mukomboni paima galimoto yachilendo ya magalasi akuda. Foni inali m'manja. Anali atathamangira kale kukaphiri, koma silinali Lamlungu. Mayi wa pafoni anangomuyankha ndi uthenga kuti ali ndi munthu wina, adzamuimbira madzulo, akumbukire zimene anagwirizana.

Ndinene zoona, kamtima kanga kanavina pang'ono. Lero wabwera kwa ine. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndikafunse ndine, ndipo ngati kuli zachibwana ndimutulutsa mwamunayo ndi chipande. Anapukusa mutu. Anaima pakati pa nyumba yanga akupuma ngati ng'ombe yotopa, maso atatseka, kwa nthawi ndithu.

"Ndikafunsa ndekha, asisi. Inu mungondiperekeza."

Tinapita. Akazi anali pampopi, ndipo atationa anasiya kutunga. Galimoto ija onse anali ataiona, mapazi aja ngakhale wakhungu akanawaona. Ena anayamba kuitana ana awo kuti alowe m'nyumba. Laxon anaima patali ndi chitseko, anavula chipewa, n'kunena odi. Chitseko chinatseguka, Amelia n'kutuluka. Kumbuyo kwake ndinaona mwamuna atakhala pampando, kapu ya tiyi ili m'manja, malaya oyera, wotchi ikuwala. Wooneka bwino ndithu, sindinganame.

Mlongo wanga anakanda pakhosi kawiri. Mawu anatuluka olimba ngati a mwana woloweza vesi, koma anatuluka.

"Amelia, ndaona mapazi a mwamuna. Sindinabwere kudzamenyana. Ndikuopa. Ndikuopa kuti ukundisiya."

Ndinacheukira akazi a pampopi. Ndinadikira kuti wina aseke, ndimuonetse. Palibe anaseka.

Ine ndinkayembekezera kuti Amelia anena kuti ndi msuweni, kapena wa kutchalitchi, tonse tiseke tizipita kuntchito. Sanatero. Anati munthuyo ndi a Wonder, ali ndi sitolo ya mbewu ndi mankhwala a m'munda ku Chinhoyi. Awatuma ndi achimwene ake a Amelia, amene anamva nkhani ya a Nobert ndipo safuna kuti mlongo wawo akwatiwe ndi munthu wogwira anthu pakhosi. A Wonder abwera kudzafunsira ukwati. Ali ndi nyumba yamagetsi, ndipo akuti Amelia sadzagwiranso fodya.

"Sindinawayankhe," anatero Amelia. "Ndikufuna ndiwamve kaye. Inu pitani kuntchito, a Laxon. Tidzalankhula madzulo."

Ndiye kuti ulendo uno fumbi silinaname. Moyo wake wonse mlongo wanga ankasaka mapazi a mwamuna wodzamulanda mkazi, n'kumagwira okalamba a chibwabwa. Lero mwamunayo analipodi, akumwa tiyi, ndipo iye akuuzidwa kuti awasiye awiri m'nyumba apite kukalonda chimanga. Ndinaona zala zake zikufinya chipewa mpaka chinapindika. Ine mwini magazi anali atandikwera, ndipo akanati alowe sindikudziwa ngati ndikanamugwira. Anayang'ana mwamunayo, anayang'ana Amelia. Kenako anavala chipewa chopindikacho n'kutembenuka.

Msewu wochoka mukomboni kupita kuminda ndi wautali, woongoka, wopanda mtengo. Umakathera pa nyumba zowambira fodya. Ndinayenda naye pambali pake mtunda wonsewo, matope akugwira majombo athu.

Tsiku limenelo ndinabzala fodya mokhota mpaka foromani anandifunsa ngati ndamwa. Akazi obweretsa mahewu masana anati galimoto ikadalipo. Dzuwa litapendeka, wina anati yachoka, koma magalasi ake ndi akuda, palibe waona kuti muli angati. Titaweruka ndinapeza Laxon ali kale pakhonde panga. Kuchoka kuntchito anazungulira njira ya kumanda kuti asadutse kwa Amelia, chifukwa anadziwa kuti akangoona matope aja adziwa zonse, ndipo anauzidwa kuti adikire pakamwa pa mwini wake. Foni inalira m'thumba mwake, mayi uja akuimba monga analonjezera. Sanayankhe. Maso anali panjira.

Amelia anatulukira dzuwa likulowa, atafunda chitenje, ali yekha. Anandipatsa moni, anakhala pamphasa, n'kuyamba kufotokoza osafulumira, ngati akusankha fodya. Anati a Wonder ndi munthu wabwino, waulemu, ndipo mkazi wanzeru akanakwera galimoto ija. Anati chikwama chake chinali chitatsitsidwa kale pamwamba pa kabati.

"Mutachoka ndinaima pazenera," anatero. "Ndinadziuza kuti mukangocheuka kamodzi kuti muone chitseko changa, ndiye kuti simunasinthe, ndipita ku Chinhoyi. Ndinakuyang'anani mpaka munakafika kowambira fodya. Simunacheuke."

Anati wawabweza a Wonder, ndipo achimwene ake akawauza yekha. Kenako anatembenukira kwa ine, akumwetulira, n'kunena kuti mayi wa ku Harare uja wagwira ntchito yaikulu, Lamlungu akamuthokoze onse awiri. Ati wamuphunzitsa Laxon kulimba mtima.

Ndinati eya, akathokoze. Ndinatsala pang'ono kuluma lilime. Kulimba mtima kwake kuti? Laxon sanacheuke chifukwa kuyambira pampopi mpaka kowambira fodya ankalira, misozi ndi mamina zikutsikira m'kolala ya yunifolomu, ndipo sankafuna kuti komboni imuone nkhope. Pakati pa msewu anandigwira chitenje, ngati kamwana, osachisiya mpaka tinafika. Amelia anaona msana wokha. Mayi wa pafoni adzamva Lamlungu, m'Chishona. Amene anaona nkhope ija ndi ine.